Bokosi lophunzitsira ndakatulo pojambula: makadi ndasunga, mapepala ake ayi

Mnzanga wa kalasi yoyandikana ndi yanga watopa nane. Nthawi iliyonse akandifunsa ngati bokosi lija n'loyenera kugula, ine ndimangoti "eya, komabe ayi," iye n'kuchoka akupukusa mutu. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe zonse bwinobwino, iye awerenge, ndi ena amene akuliganizira awerengenso.

Bokosili ndi la aphunzitsi a ana aang'ono, ndipo cholinga chake n'choti mwana aphunzire kupeka ndakatulo kudzera m'kujambula, kupaka utoto ndi kumata. Ndaligwiritsa ntchito teremu yathunthu ndi ana 38 a zaka 8 ndi 9. Mukalitsegula mumapezamo buku la mphunzitsi la maphunziro 12, makadi akuluakulu 24 okhala ndi chithunzi mbali ina ndi ndakatulo kapena mafunso mbali inayo, timbale 15 ta penti wosungunula ndi madzi, maburashi 30, chekeni, zolembera zakuda za inki, guluu, timatabwa tofewa ta fomu todindira ndi mtolo wa mapepala. Pachivundikiro analembapo kuti zonsezi n'zokwanira ana 30. Masamu a 38 kuchotsera 30 ndinawachita ndisanagule, choncho pamenepo sindidandaula munthu.

Ndinaligula chifukwa chotopa ndi ine mwini. Zaka zonsezi phunziro la ndakatulo ndinkaliyendetsa mofanana: ndilembe ndakatulo pabolodi, ana ayilakatule pamodzi mokweza mpaka kalasi ina idandaule, ndifunse mafunso atatu, kenaka ndinene kuti aliyense apeke yake. Zobwera m'makope zinali chimodzimodzi chaka ndi chaka. "Mayi anga ndi abwino. Amandikonda. Inenso ndimawakonda." Makope 38, mayi mmodzi yemweyo, wopanda nkhope, wopanda mawu, wopanda ngakhale chipsera pachala. Ukawafunsa kuti awonjezere, amawonjezera "kwambiri."

Phunziro loyamba m'bukuli ndi limene linandigwira mtima, ndipo mpaka lero ndimati ndilo mwini bokosi. Mwana aliyense amatola tsamba louma limodzi, n'kulijambula ndi pensulo kwa mphindi khumi osayankhula, osalemba liwu. Bukulo limamuuza mphunzitsi kuti asatchule n'komwe zoti lero ndi tsiku la ndakatulo. Mphindi khumizo zikatha, mwana amatembenuza pepala n'kulemba zinthu zisanu zimene waziona pojambula zomwe poyamba sankazidziwa. Basi. Ine ndinkaganiza kuti mphindi khumi za chete ndi ana a msinkhu umenewu ndi maloto a chumba, ndipo zoonadi pa mphindi yachitatu wina anali atanena kale kuti wamaliza. Ndinamubweza: "Kabowo ako kali kumanzereko wakajambula?" Anayang'ananso. Anapeza mabowo anayi.

Mtsikana wina amene amakhala pafupi ndi zenera, yemwe chaka chonse dzanja lake sindinalionepo m'mwamba, analemba kuseri kwa pepala lake kuti, "Tsamba lili ndi misewu koma palibe woyendamo." Sindinamuphunzitse zifanifani tsiku limenelo. Anangoona mitsempha ya tsambalo chifukwa pensulo yake inayenera kuitsata umodziumodzi, ndipo poitsatapo maganizo anabwera okha. Mnyamata wina analemba kuti m'mphepete mwa tsamba lake "munalumidwa ndi wina wa mano ang'onoang'ono." Titasanja mizere isanuyo pansi pa inzake, ndinawauza kuti zimene alembazo ndi ndakatulo. Ena anakana, ati ndakatulo imayenera kuyamba ndi "Ine ndine."

Apa ndi pamene pagona nzeru ya amene analemba bukuli, m'maphunziro amene anawalemba ali maso. Chojambula chimabwera poyamba, ndipo ntchito yake ndi kumuchedwetsa mwana kuti ayang'ane. Mwana amene wayang'anitsitsa chinthu amakhala ndi chonena. Koma si maphunziro onse 12 amene amatsata njira imeneyi. Ndinawerenga: asanu amatero. Otsalawo amabwerera ku zakale zija, zoti lemba ndakatulo kenaka uikongoletse ndi timaluwa m'mbali, ndipo pamenepo ana amathamangitsa mawu kuti afike msanga pa chekeni.

Phunziro la phula linali chisangalalo chokhachokha. Mwana amalemba mawu ake ndi chekeni choyera papepala loyera, osaona zimene akulemba, kenaka n'kupakapo penti wamadzi. Phula sagwirizana ndi madzi, choncho utoto umakana kukhala pamene padutsa chekeni, mawu n'kumatuluka oyera pakati pa mtundu. Ana anakuwa ngati aona matsenga. Zoyera m'bokosimo zinalipo zisanu ndi chimodzi zokha, ndiye ndinadula makandulo wamba tizidutswa, ndipo anagwira ntchito kuposa chekenicho chifukwa mzere wake umakhala wonenepa. Chimene ndinachikonda kwambiri n'choti polemba ndi kandulo sungalembe chiganizo chachitali, umasochera. Mwana amakakamizika kusankha mawu atatu kapena anayi amene akuwafunadi. Wina analemba "usiku, galu, kutali" n'kupakapo buluu wakuda. Ndinaima kumbuyo kwake nthawi ndithu.

Za mitundu ndiye ndinasiyana nalo bukuli, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa aliyense wophunzitsa m'Chichewa adzakumana nazo. Bukuli linalembedwa m'Chingerezi, poganizira mwana woyankhula Chingerezi. Phunziro lake limati mwana apake mtundu umodzi pepala lonse kenaka alembe mizere yoyamba ndi dzina la mtunduwo: kufiira ndi chakuti, kufiira ndi chakuti. Tinayesa. Zinatuluka zozizira, mndandanda wa magazi, moto ndi maluwa. Ndili pakati poyendayenda ndinamva mnyamata wina akuuza mnzake, burashi ili m'manja, kuti "yanga yafiira psuu, yako yangoti mbuu." Ndinaimitsa kalasi pomwepo. Chilankhulo chathu chili kale ndi utoto wake m'kamwa: kuda bii, kuyera mbee, kufiira psuu, kubiriwira biriwiri, kuwala ngwee. Amvekero amenewa ana amawadziwa asanayambe sukulu, koma anali asanauzidwepo kuti akhoza kuwalemba m'kope mphunzitsi osawadula ndi cholembera chofiira.

Tinatembenuza phunzirolo. Ndimatchula mvekero, iwo n'kuujambula. "Balala" anamwaza timadontho pepala lonse. "Zii" mtsikana wina anasiya pepala loyera n'kuika kadontho kamodzi pakona, ndipo nditamufunsa anati ndi munthu amene anzake amuthawa. Pa "phwaa" madzi anatayikadi, mwadala kapena mwangozi sindinafufuze. Kenaka aliyense anapeka mizere itatu yothera pa mvekero wake. Tsiku limenelo linaposa masiku onse a teremu, ndipo m'buku la mphunzitsi mulibe. Sindiwaimba mlandu olembawo pa chinthu chimene chilankhulo chawo chilibe chochuluka, koma wogula adziwe kuti mbali ina ya ntchito adzaigwira yekha.

Makadi ndiwo chuma chenicheni cha bokosili. Ndi olimba, okutidwa ndi pulasitiki, ndipo chithunzi chake chimaoneka ngakhale kwa mwana wa kumbuyo kwenikweni. Anasankha bwino anthu amene anaphatikiza kale ndakatulo ndi zojambula. Pali khadi la ku Japan lofotokoza haiku, kandakatulo ka mizere itatu ya maphatikizo 5, 7 ndi 5, ndi mwambo wojambula kachithunzi ka inki pambali pake umene amautcha haiga. Limatchula Matsuo Bashō, amene anamwalira mu 1694, ndi Yosa Buson wa m'zaka za m'ma 1700, yemwe anali katswiri pa zonse ziwiri, kujambula ndi kupeka. Bukuli limachenjeza mphunzitsi kuti ana amavutika kuwerenga maphatikizo. Anga sanavutike n'komwe. Maphatikizo a Chichewa amathera pa lembo la liwu, ndiye mwana akamawomba m'manja amangomva yekha pamene phatikizo lathera: nye-re-re, chi-wa-la. Vuto lathu ndi lina, loti mawu athu ndi aatali. "Ndakatulo" palokha ladya kale anayi mwa asanu aja. Mzere woyamba umangokwana mawu awiri, ukachita mwayi.

Mkangano unabuka pa liwu loti "mtengo." Theka la kalasi linawomba kawiri, theka katatu, ndipo panatsala pang'ono kuti anthu akwiyirane. Ndinawauza kuti alitchule pang'onopang'ono atagwira milomo. Anamva okha kuti "m" uja amaima payekha, m-te-ngo, atatu. Galamala imene ndikanaiphunzitsa sabata yathunthu ana akuyasamula inalowa m'mphindi zisanu chifukwa panali chomenyera. Haiku imene inapachikidwa pakhoma nthawi yaitali inali ya mnyamata amene anajambula mzere wa timadontho takuda tokwera khoma:

Nyerere zija
zanyamula chiwala
dzuwa lalowa

Werengani nokha, asanu, asanu ndi awiri, asanu. Mzere wachitatuwo anausintha kanayi.

Khadi lina ndi la Guillaume Apollinaire wa ku France, amene m'buku lake la mu 1918 anasanja malembo kuti apange chithunzi cha chimene ndakatuloyo ikunena. Pakhadipo pali ndakatulo yake ya mvula, malembo akutsika m'mizere yopendekeka ngati madontho. Anawo Chifalansa sadziwa, koma atangoliona anati "ikugwa mvula." Phunziroli linathandiza kwambiri ana amene kulemba kumawavuta, chifukwa mwana wa mawu ochepa akhoza kubwereza liwu limodzi kakhumi n'kupanga njoka yopindika, ndipo palibe womuseka. Kwa ana olemba bwino linali masewera chabe. Anathera nthawi yonse pa maonekedwe, mawu ake osanena kanthu.

Tsopano tsoka limene linatigwera Lachinayi lina. Pali khadi la William Blake wa ku London, amene mu 1789 anatulutsa ndakatulo zake atalemba mawu ndi zithunzi pamodzi pa mbale za mkuwa, n'kuzidinda, kenaka n'kuzipaka utoto pamanja. Phunziro lotsatana nalo limati ana alembe mzere umodzi pa kathabwa ka fomu pokanikiza ndi pensulo, apakepo penti, adinde papepala. Ndinawerenga tsamba la malangizo usiku wake, ndinaona kuti n'zosavuta. Chimene sindinachione n'choti chenjezo lofunika kwambiri analiika kuseri kwa tsambalo, m'kabokosi ka malembo aang'ono pansi penipeni: chilichonse chodindidwa chimatuluka chotembenuka, ndiye mawu ayenera kulembedwa chobwerera m'mbuyo. Blake mwiniwakeyo ankalemba chotembenuza pamkuwapo, ndipo khadi lake silinena zimenezi. Ana 38 anakanikiza mizere yawo mosamala, malilime ali panja, anapaka, anadinda, anatukula mapepala. Kalasi yonse inangoti zii. Kenaka wina analira.

Timatabwato tinalipo 30 ndipo fomu ukaikanda siibwerera. Ena ndinali nditawadulira pakati kuti akwane. Chimene chinatipulumutsa ndi kagalasi kanga ka m'chikwama. Tinaika mapepala patsogolo pa galasi mmodzimmodzi, mawu n'kumawerengeka, ndipo misozi inasanduka mzere wa anthu ofuna kuona "ndakatulo yobisika." Inde, mbali ina ya cholakwacho ndi yanga, munthu wamkulu ndinayenera kuganiza. Koma buku lolembera mphunzitsi amene akukonzekera usiku atatopa liyenera kuika chenjezo lotere pamwamba, m'malembo akuluakulu, asanatchule n'komwe pensulo.

Phunziro la mawu omveka mofanana kumapeto kwa mizere ndinalisiya pakati. M'Chichewa pafupifupi mneni aliyense amathera pa "a," ndiye ana anaona kuti ntchito yaphweka: ndimadya, ndimamwa, ndimagona, ndimadzuka, aphunzitsi tamaliza. Chodabwitsa n'choti mawu oyamba a buku lomweli amatamanda Kenneth Koch, mlakatuli amene anaphunzitsa ana a pulayimale ku New York kupeka ndakatulo n'kulemba buku la zimenezo mu 1970. Koch yemweyo ankawauza ana kuti asavutike ndi kufananitsa mathero a mizere, chifukwa mwana akamasaka liwu lomveka mofanana amasiya chimene amafuna kunena. Olemba bokosili anamutchula patsamba loyamba, pofika pakati n'kumuiwala. Lina limene ndinalidumpha ndi lodetsa nyuzipepala ndi inki yakuda n'kusiya mawu ochepa kuti apange ndakatulo. Ndinaliyesa ndi ana asanu okha. Nkhani za m'nyuzipepala zinali zowapitirira msinkhu, inki inadutsa pepala n'kudetsa desiki, ndipo zolembera ziwiri zinauma tsiku lomwelo.

Zipangizo zake ndiye zosakanikira. Pentiyo ndi wabwino, mtundu wake umagwira, ndipo timbale tambiri tikadali ndi theka teremu itatha, kupatula wabuluu amene ana amamukonda ngati alibe mnzake. Chekeni n'cholimba, sichithyoka wamba. Maburashi anayamba kuthothoka sabata yachitatu, ubweya n'kumatsalira pa zojambula za ana, mpaka wina anandifunsa ngati ubweyawo ndi mbali ya phunziro. Koma chondikwiyitsa kwenikweni ndi mapepala. Anaikamo mapepala wamba osindikizira, aja a magalamu 80, m'bokosi limene theka la maphunziro ake ndi a penti wamadzi. Pepala lotere likanyowa limakwinyika, ndipo mwana akabwereza burashi kachitatu pamalo amodzi limabooka. Penti wamadzi amafuna pepala lochindikala, la magalamu 200 kapena kuposa. Aliyense amene anagwirapo burashi amadziwa zimenezi. Ndinayamba kudula makatoni opyapyala n'kumagwiritsa ntchito mbali yake yoyera, ndipo mtolo wa m'bokosi uja tinaulembera mayeso a masamu.

Nthawi imene analemba pa phunziro lililonse musaikhulupirire. Paliponse akuti mphindi 40. Mwina ndi mphindi 40 kwa munthu amene ali ndi womuthandiza, mpopi m'kalasi momwemo ndi ana khumi. Kwa ine, kugawa madzi m'zitini ndi mapepala kunkadya mphindi khumi, kutsuka maburashi ndi kupukuta madesiki zina khumi, ndipo pepala lonyowa sungalembepo ndi pensulo. Phunziro lililonse la penti ndinaligawa pawiri: lero kujambula, mawa kulemba. Mosayembekezera, zimenezi zinathandiza. Mwana akabwera mawa lake n'kupeza chojambula chake chitauma, chitasintha mtundu pang'ono, amachiyang'ana ngati cha munthu wina, n'kuonamo zimene dzulo sanazione. Choncho maphunziro 12 aja ndi masiku 18 kapena kuposa, ndipo malo oyanika mapepala 38 muwaganizire musanayambe. Ine ndinamanga chingwe kuchokera pazenera kufika pachitseko, n'kumapanikiza ndi mapegi a zovala.

Kumapeto kwa bukuli kuli tebulo loperekera malikisi. Mwa zigawo zake zisanu, ziwiri ndi za ukhondo wa chojambula ndi kusatulukira kunja kwa mizere. Ndikanalitsata, mtsikana wa misewu ya tsamba uja akanapeza ochepa, chifukwa pepala lake linali lofufutidwa mpaka kuda, pomwe wina amene anajambula duwa laudongo n'kulemba kuti "duwa ndi lokongola" akanakhala woyamba. Tebulolo sindinaligwiritse ntchito. Ndinkangofunsa mwana aliyense funso limodzi, kuti andisonyeze pachojambula pake pamene pachokera mzere umene akuukonda. Amene ankatha kuloza ndi chala, ndinkadziwa kuti phunziro lamufika.

Kodi ana anasintha? Ena. Pamene tinabwerera ku mutu wakale uja wa mayi kumapeto kwa teremu, ndinawauza kuti ayambe ajambula manja a munthu amene amawalera, kuchokera m'mutu. Pafupifupi khumi analembabe kuti ndi abwino ndipo amawakonda kwambiri. Koma panapezeka wina wolemba za chikhadabo chosweka cha chala chachikulu, wina za mitsempha imene imatukuka pamsana pa dzanja agogo ake akanyamula chinthu cholemera. Chaka chatha zoterezi kunalibe.

Ndiye kwa mnzanga wa kalasi yoyandikana nayo: ngati akugulitsa buku ndi makadi paokha, tengani zimenezo, zipangizo mupeze nokha, makamaka mapepala. Ngati n'zosatheka kupatula, bokosi limodzi likhoza kukwanira makalasi awiri kapena atatu mosinthana, chifukwa makadiwo satha, ndipo maphunziro ofunikadi ndi asanu aja oyamba ndi kuyang'ana. Werengani tsamba lililonse mbali zonse ziwiri. Musayembekezere kuti likuuzani kanthu za amvekero kapena za "m" wa mtengo.

Teremu ikubwerayi ndiyambanso ndi tsamba louma, koma phunziro la fomu ndidzalichita ndi zithunzi zokha, mawu tidzalemba pamanja pansi pake pepala likauma. Makadi ali m'kabati yanga, ndawamanga ndi mphira. Likusowa limodzi, la mvula lija. Ndikumudziwa amene analitenga, chifukwa kope lake la masamu layamba kukhala ndi manambala otsika chopendekeka m'mphepete, ndipo sindinaganize zoti ndimufunse liti.